Mwana Satsanzikidwa

Lolemba, 29 Sepitembala 2008

Komiti yakumana lero kunyumba kwanga. Mamembala ndi awiri: apongozi anga Mai Chenjerai, ochokera kumudzi ku Samanga, ndi amalume Aroni a kuno ku komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde. Nkhani yake ndi mwana wanga Nokutenda. Ine mayi wake ndapatsidwa udindo waukulu wowiritsa madzi a tiyi. Wopanda shuga, inde, koma masamba okha pa esiteti sitisowa.

Mwamuna wanga Chenjerai watumiza mawu kuchokera ku Musina, ku Joni, kuti pa famu yomwe akugwira papezeka malo a munthu mmodzi wothyola tomato. Munthu mmodzi. Osati munthu ndi kamwana ka zaka ziwiri kumsana. Kuno ukathyola tiyi mwezi wonse malipiro ake sagula ngakhale sopo wochapira thukutalo, ndiye palibe chokambirana. Ndinyamuka Loweruka. Noku atsala.

Atsala ndi ndani, mlandu wagona pamenepo. Amalume akuti, "Kwathu ku Mulanje mwana ndi wakuchikazi. Mwini mbumba ndine." Apongozi akuti, "Kuno hakusi kuMulanje, sekuru. Mombe takabvisa." M'Chishona chawocho akuti kuno si ku Mulanje, amalume, ng'ombe ya lobola tinapereka. Ng'ombe akunenayo inali imodzi, yowonda nthiti kuwerengeka, ndipo inafa mwezi womwewo. Koma pa misonkhano imauka.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Angawa ndi oyatsa.

Lachiwiri, 30 Sepitembala

Samanga yapambana. Kumeneko kuli nthochi ndi madumbe, pomwe amalume ali ndi chipinda chimodzi, mawondo otupa ndi wailesi yopanda mabatire. Avomera monyinyirika, akuti mwana akungomubwereketsa.

Kenako chozizwitsa: agwirizana. Chikwatiwire ine anthu awiriwa sanavomerezanepo ngakhale zoti kunja kwacha. Lero onse akuti ponyamuka ndisamutsanzike Noku. "Mwana haaonekwi, muroora," atero apongozi, muroora ndiye ine mkazi wa mwana wawo. Amalume n'kumasulira, ngati kuti ine Chishona ndachimva koyamba: "Mwana satsanzikidwa, Agi. Ukamutsanzika amadwala chifundo, amakana kudya. Umangozemba."

Ndafunsa kuti ndine mayi kapena mbala. Iwo angopempha tiyi wina.

Lachitatu, 1 Okutobala

Amalume abwera ndi pulani, akuti usiku sanagone nayo. Sabata ino ku Mutare kuli Sho, chionetsero cha zaulimi, ndipo basi ya ku malire ku Beitbridge ndikakwerera komweko pa depoti ya Sakubva. Ndiye tipite tonse, Noku akamukweze pa mahatchi amatabwa ozungulira aja, maso ake akakhala pa hatchi, ine ndisowe. Apongozi aombera m'manja. Kugwirizana kawiri sabata imodzi! Mvula igwa msanga chaka chino.

Ndiye mwana wanga, amene sanapitirirepo pamsika pathu pa Hauna, akaona tauni koyamba. Akalandira hatchi, n'kubweza mayi. Malonda abwino ndithu.

Ndafunsa kuti nanga akatsika pa hatchipo. Apongozi akuti, "Anochema, onyarara." Alira, kenako akhala chete. Zophweka ngati kusenda nthochi.

Kumunda kapitawo wamva kuti ndikupita. Wati ndidzamukumbukire ndi mafuta ophikira. Dzulo lomweli wandidula makilo akuti ndinathyola masamba okhwima.

Lachinayi, 2 Okutobala

Ndatha masana onse ndikusita suti ya amalume. Munthu akukakwera lole ya nthochi koma akufuna mzera wa thalauzi wakuthwa. Ali chiimire pambali panga kuyang'anira simbi, ayamba kundilimbikitsa. Akuti iwo pobwera kuno ali mnyamata, anachoka amayi awo ali kumunda, anangowauza kuti akukagula mchere kwa Chitakale.

Ndati, "Ndiye munadzawaonanso?"

Ayamba kufunsa ngati tayi yawo yauma.

Lachisanu, 3 Okutobala

Ndalongedza. Zovala zanga m'thumba la feteleza kuti Noku asazindikire, zake m'chikwama changa chabwino chija. Apongozi afika ndi poto wodzaza madumbe ophika, akuti a ku Sho. Tikadya ife, tikadyetsanso Mutare yense.

Ndinayesa kuswa lamulo la Komiti. Ndikumusambitsa Noku kuseri kwa nyumba ndinati, "Noku, amai akupita kutali." Iye akuti, "Kupi?" Ndati, "Kwa adadi." Watuluka m'beseni ali mbulanda, wathamangira m'nyumba, wabwera ndi nsapato zake m'manja. "Handei." Tiyeni.

Pa windo panamveka mawu amodzi okha: "Muroora." Makutu a mayi amenewa! Ukawauza kuti tsekani chitseko samva, koma zonong'ona amazimva kudutsa khoma.

Ndamuveka nsapatozo. Wayenda nazo tsiku lonse kudikira ulendo. Ndikuopa, ndilembe zoona. Sindikuopa mtsinje wa Limpopo kapena apolisi a ku malire. Ndikuopa mawa.

Loweruka, 4 Okutobala

Ndili ku Sakubva, ndakhala pa thumba langa, basi sinadzaze. Ndilembe poti manja akusowa chochita.

Makombi, maminibasi athu aja, kulibe, mafuta kulibe, ndiye tinakwera lole ya bambo wina dzina lake Nasibu, yopita ndi nthochi ku msika. Apongozi kutsogolo ndi Noku pamiyendo, ine ndi amalume pamwamba pa katundu. Suti ndinasita ija inakhala pa mkoko wakupsa kuyambira ku Hauna mpaka ku Christmas Pass polowera mu Mutare. Potsika, kumbuyo kwa thalauzi kunali phala. Sindinawauze. Munthu amafunika kachisangalalo kake.

Sho! Amalume ankatilonjeza kuti kuli ng'ombe zazikulu ngati nyumba. Tinapeza makola, ng'ombe zake zinatsala m'chaka chomwe iwo anabwera komaliza. Izi sizinawaletse kuyendera khola lililonse, ndodo m'manja, kufotokoza ng'ombe yomwe inkaima mmenemo. Khola lina munali mbuzi ziwiri ndi chikwangwani chachitali kuposa mbuzizo. Apongozi anaziyang'ana m'kamwa n'kunena kuti zawo za ku Samanga n'zabwino.

Pomwe panadzaza anthu ndi pa tebulo lina pomwe anaika paketi ya shuga, botolo la mafuta ndi buledi. Zosagulitsa, zongoonetsa. Anthu tinaima mwaulemu kumayang'ana. Bambo wina anakweza mwana wake paphewa kuti aone bwino.

Noku zonsezi analibe nazo ntchito. Anapeza mpopi wodontha pafupi ndi zimbudzi, basi Sho yake inathera pomwepo. Tinachoka ku Honde kodzaza mitsinje kudzaonera mpopi. Ndikamunyamula, kukuwa. Ndikamutsitsa, kubwerera ku mpopi. Diresi lonse matope.

Za zimbudzi ndisanene zambiri. Amalume anapita, titawadikira apongozi nawo anafuna, atabwera Noku anali atamaliza kale zake osadikira mzere, ndikumusintha amalume anapitanso. Theka la tsiku tinalithera pamenepo.

Kenako ku zoseweretsa. Chigudumu chachikulu chija chili chiimire, mipando yake ikungogwedezeka ndi mphepo. Magalimoto ogundana ali phee. Nyumba ina anajambulapo zigaza ndi mizukwa, apongozi anaima patsogolo pake n'kuyamba kuipempherera mokweza, mnyamata wapakhomo mpaka anavula kapusi. Mahatchi nawo ali duu. Magetsi anathima m'mawa, ndipo injini yawo ilibe dizilo.

Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Mumtima ndinati magetsi asabwere mpaka chaka chamawa. Palibe hatchi, palibe kuzemba, tibwerere kunyumba tonse tikadye madumbe. Ndinayamba kale kukonza bodza lokamuuza Chenjerai.

Ndinaiwala kuti ndili ndi Komiti. Amalume anapita kwa anyamata oyang'anira mahatchiwo, phala lili kumbuyo, n'kuwafunsa ngati chinthuchi sichingazungulire ndi manja. Anyamata anaseka. Apongozi anavundukula poto. Anyamata anasiya kuseka. Anali asanadye chichokere dzulo, ndiye madumbe ndi phava la nthochi zinagula magetsi a anthu anayi okankha. Ana ena omwe ankangozungulira pamenepo anathamangira kukwera, makolo awo n'kumatithokoza ife. Tinasanduka opulumutsa Sho.

Kondakitala akukuwa kuti tikwere. Zinazo sindingathe lero.

Lamulungu, 5 Okutobala

Basi yafera penapake tisanafike ku Ngundu. Amuna onse ali pansi pake kupereka malangizo, wokonza ndi mmodzi. Kunja kukutentha, kulibe phiri, kulibe tiyi, mitengo yaminga yokhayokha.

Dzulo.

Noku poyamba anakana hatchi. Inali yofiira, khutu limodzi lothyoka, mano onse pamtunda. Anandikakamira m'khosi. Ndine ndinamunyengerera. Ndinaisisita hatchiyo pamphuno, ndinati ona, siluma, ndi yabwino. Ndinamukhazika ndekha, ndinamugwiritsa chitsulo ndi manja onse awiri. Ntchito imeneyo Komiti sinandikakamize, ndinaigwira ndekha ndipo ndinaigwira bwino.

Apongozi anakwera n'kuima pambali pake, dzanja limodzi pamsana pa mwana, lina pachitsulo, maso otseka, milomo ikupemphera. Mayi amene amachita chizungulire akangoyang'ana madzi a mumtsinje. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Ndinafuna kuti adandaule kuti ndipeze chowada nacho.

Anyamata anakankha. Chinayamba pang'onopang'ono, chikulira ngati wilibala. Panalibe nyimbo, ndiye mmodzi wa iwo ankaimba ndi mluzu. Ine ndinaima pa mpanda ndi amalume, thumba langa lili kuseri kwa miyendo yawo.

Atazungulira koyamba, Noku anadutsa nkhope ili gwa. Kachiwiri anandiona n'kuseka. Kenako anaona ana anzake akukweza manja kwa makolo awo, nayenso anachotsa dzanja limodzi pachitsulo. "Amai, bhai bhai!" Anapita kuseri. Anatulukira. "Amai, bhai bhai!" Kwa iye anali masewera: akuti bayi, ndikusowa, kenako ndikupezekanso pomwepo. Ankaseka mpaka dovu kutuluka. Ine ndinkakweza dzanja nthawi iliyonse.

Amalume anandiponda chala ndi ndodo. "Akapita kuseri, nyamuka. Usacheuke." Anapita kuseri, sindinanyamuke. Anapitanso, sindinanyamuke. Amalume anati, "Agi, anyamatawa atopa. Chikaima uli pano, sumuchokanso." Mawu awo sanali bwino. Sanandiyang'ane, anangondikankhira thumba ndi phazi.

Ndinanyamuka. Ndinayenda mpaka kuseri kwa thirakitala ina yoonetsa, ndipo pamenepo ndinacheuka.

Hatchi yofiira inatulukira. Dzanja lake linali m'mwamba kale, kukonzekera. Pakamwa anali atatsegula. Pamalo panga panali pataima mayi wina wa duku lobiriwira. Noku anadutsa akumuyang'ana, dzanja lili m'mwamba, mutu ukutembenuka mpaka anapita kuseri. Atatulukiranso dzanja linali likadali m'mwamba, koma sankaseka. Ankayang'ana mpanda wonse, munthu mmodzimmodzi. Amalume anavula chipewa n'kumamukupizira, akukuwa dzina lake, akudumpha ndi mawondo awo aja. Iye sanawayang'ane n'komwe. Mayi wa duku uja, posadziwa kanthu, anamukwezera dzanja.

Sindinadikire kuti chiime. Sindikudziwa ngati analira. Ndinathamanga mpaka pa geti, ndipo ndinatseka makutu ndi manja ngati mwana, thumba lili pamutu, anthu akundiyang'ana.

Mayi amene ndakhala naye mpando umodzi, Miriamu, amapita ku Joni kukaoda sopo. Wandigawira chimanga chokazinga. Wandifunsa ngati ndili ndi ana, ndati mmodzi. Wati wamusiya ndi ndani. Ndinati ndimuseketse, ndimuuze za Komiti, za ng'ombe youka, za suti ya amalume. Ndinayamba bwino, ndinafika pa mpopi wodontha. Pamenepo mawu anakana.

Wandiyang'ana pang'ono, kenako wasuntha chikwama chake kuti nditsamire pa windo. Wati ake atatu anawasiya akugona.

Injini yalira. Akuti tikwere.