Magolovesi Amene Tamanda Wabweza

Ongata Rongai, Nairobi
Lolemba

Achimwene a Mabvuto,

Muli bwanji ku Dedzako? Alamu ndi ana ali bwanji? Nanga miyendo ya amayi yasiya kutupa? Ife kuno tili moyo, koma ndikati tili bwino ndinama. Ndakwiya, achimwene, ndipo ndakwiyira inu. Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pafoni, popeza ndikaimba simukuyankha.

Uthenga wanu uja tinaumvera limodzi ndi mwana wanga Tamanda. Akuti mpira ndi wa anyamata. Akuti mphunzitsi wakeyo ndi mzungu wakuba ana. Munamuonera kuti? Safunsa anadya phula. Imani ndikuuzeni za munthu amene mwamunyozayo.

Dzina lawo ndi a Tuncer, kwawo ndi ku Turkey. Anagwira pagolo zaka khumi ndi zinayi mpaka bondo linathyoka, ndipo zala zawo n'zokhotakhota ngati chinangwa cha pamiyala. Atasiya kusewera anaphunzitsa matimu atatu. Awiri anawachotsa ntchito, ndipo sabisa, amanena okha uku akuseka. Kuno anatsatira akazi awo amene amagwira ntchito ku Westlands, n'kuyamba kuphunzitsa atsikana pabwalo lafumbi ku Buruburu. Ndi kumene anapeza Tamanda zaka zitatu zapitazo, akutsinzina mpira ukamabwera. Lero akaima pagolo, omwetsa zigoli amachita kudandaula.

Tsopano timu ina ya atsikana ku Izmir, kwawo kwa a Tuncer, ikufuna kumuyesa miyezi itatu. Mayina akutumizidwa Lachisanu likubwerali. Bambo ake avomera, ine ndasaina kale. Koma mwanayo akuti sakwera ndege malume ake atakana. Ndidzudzule ndani? Ndine ndinamulera choncho, kumuuza tsiku ndi tsiku kuti ngakhale tikhale kwa eni, mwini mbumba ndi malume.

Loweruka a Tuncer anabwera kunyumba, atakwera maminibasi awiri (kuno amati matatu), maola awiri ali pamzere wa magalimoto. Wakuba ana wanuyo anavula nsapato pakhomo. Ndinawapempha kuti amukakamize mwanayo, anakana. Anati kwawo mwana akamapita kutali amapsompsona dzanja la wamkulu n'kuliika pamphumi pake. Iwo anachoka mothawa osachita zimenezo, ndipo bambo awo anamwalira asanawaonerepo akusewera. Anati mwana wosatsanzika samutenga. A Tuncer omwewo anakuimbirani katatu ine ndili pompo, inu phee!

Pamenepo Tamanda anatenga magolovesi akale a a Tuncer, amene anamupatsa tsiku limene anayamba kugwira pagolo. Anagwada, n'kuwaika patebulo, n'kuthokoza. Sanalire. Ndinalira ndine, ndipo manyazi ndinalibe. Aphunzitsiwo anatuluka osawatenga.

Inuyo, achimwene, kunena kuti mpira ndi wachabe? Inu amene munkauluka pagolo la kusukulu kwathu, anthu n'kumakwera m'mitengo kuti akuoneni? Ndikudziwa chimene chikukupwetekani, ndipo lero ndinena mosapsatira.

Chaka chija timu ya ku Blantyre inakuitanani, malume athu a Vitus anakukanizani. Munabisa jombo m'nkhokwe, n'kukonza zothawa pa basi yam'mawa. Anakugwirani pasiteji, n'kutentha jombozo pamaso pa anthu. Zaka zonsezi mwakhala mukunena kuti anakuululani ndi mnzanu Francis, ndipo mpaka lero simupatsana moni.

Sanali Francis. Ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndinkaopa kuti mukapita simudzabweranso. Ndakhala nazo pamtima zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mukamatukwana Francis ndimangoyang'ana pansi. Ndinalakwa, mundikhululukire.

Koma kulakwa kwanga kusaphe mwana. Ngati mukufuna womulanga, ndine pano. Tamanda anali asanabadwe n'komwe. Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene: umalume si kukaniza kokha ayi. Zimene anakuchitani a Vitus munazida moyo wanu wonse, lero mwavala malaya awo omwewo, ndipo akukukwanani bwino zedi.

Imbani Lachisanu lisanafike. Yambani ndi ine, munditukwane mpaka mawu athe, sindidula. Mukamaliza ndimupatsa foni Tamanda, mumuuze nokha ndi pakamwa panu kuti apite.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu ndi ana onse. Kwa a Francis ndilemba ndekha. Mulungu akusungeni, ndipo akufewetseni mtima.

Magolovesi aja akadali patebulo pomwe anawaika. Palibe wawakhudza. Chakudya tikudyera pamiyendo, kudikira inu.

Ndine mlongo wanu,
Rosina