Pa tsamba lathu tiikepo masofa a ndani?

Aphungu,

Ine ndi bambo anga timakonza masofa. Iwo amasenda nsalu yakale, kusintha masipuling'i ndi siponji. Ine ndimasoka nsalu yatsopano ndi kuyankha foni. Shopu yathu ili kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo polowera pake ndi kanjira ka pakati pa makoma awiri. Kale tinkaonekera kumsewu, koma eni matayala atamanga mpanda tinasanduka anthu ongomveka nyundo. Makasitomala atsopano sakutipeza. Ntchito yachepa moti masana bambo amagona pampando wa kasitomala n'kumati akuuyesa.

Ndiye ndinaganiza zoti titsegule tsamba la pa intaneti. Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, amadziwa zamakompyuta ndipo anavomera kutipangira. Anati, "Malonda ndi m'maso. Tiikepo zithunzi: apa mpando uli chong'ambika, apa wakonzedwa." Zithunzi ndili nazo zambiri mufoni, chifukwa tikapita kukatenga mpando ndimaujambula kaye kuti mwini wake asadzanene kuti mwendo tathyola ndife.

Ndikuuzeni mmene ntchito yathu imayendera. Makasitomala athu ambiri safuna kuti zidziwike kuti anakonzetsa. Mipando timakaitenga aneba atapita kuntchito, titaiphimba bwinobwino, ndipo ikabwerera mwini wake amauza alendo kuti wagula yatsopano. Bambo sapereka moni kwa kasitomala pamsewu pokhapokha iyeyo atayamba. Ine ndakulira m'zimenezi, koma tsiku limenelo nzeru zinandithawa. Ndinampatsa mlamu zithunzi zonse.

Mlamu anapanga tsamba loyeserera n'kutumiza kwa abale kuti aone. Abale athu ukawauza kuti aone amamva kuti afalitse. Chithunzi choyamba chinali cha mpando wa mayi ena amene timawatchula kuti a Zakunja, chifukwa chilichonse cha m'nyumba mwawo amati chinachokera kunja, ndi tsache lomwe. Pachithunzipo siponji yatuluka ngati matumbo, mwendo umodzi wachirikizidwa ndi njerwa, ndipo pakhoma pakuoneka chithunzi cha ukwati wawo. Mlamu anachiwalitsanso kuti zonse zioneke bwino.

A Zakunja anabwera kushopu. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, njerwa ija ndaiona. Anzanga akuntchito aionanso." Kenako anatengetsa mipando yawo ina iwiri imene tinali titaisenda kale, ataiphimba ndi makatani ochokera kunja. Mayi amenewa ndi amene amatibweretsera makasitomala ambiri. Amanong'oneza anzawo mmodzimmodzi kuti, "Ndikudziwa bambo wina amene amakonzera azakhali anga." Chichokereni tsiku limenelo, mwa anzawo onong'onezedwa aja palibe waimbapo.

Tsamba loyeserera lija tinalichotsa. Bambo sanandikalipire, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa kukalipiridwa. Anangonena akukhoma msomali kuti, "Dzina la shopu ino ndinalimanga ndi kutseka pakamwa." Tsopano akuti ngati tsamba likhalepo, pakhale chithunzi chawo atavala jekete ndi mbiri yawo kuyambira tsiku limene anagwira nyundo koyamba, popanda mpando ngakhale umodzi. Mlamu akuti tsamba lotero anthu aziyesa uthenga wa maliro.

Aphungu, ndagwira njakata. Tikakhala chete shopu ifera kuseri kwa mpanda, tikaonetsa ntchito yathu otidyetsa atithawa. Ndichite chiyani?

T. N., Kuseri kwa Matayala

A T. N.,

Tiyambe ndi a Zakunja, intaneti idikire. Mayiwa munawavula pagulu. Pitani kwawo nokha, osati pafoni, mlamu musamutenge, ndipo mukapepese popanda mawu akuti "koma". Chithunzicho mukachifufute mufoni iwo akuona, muuzenso abale anu achite chimodzimodzi, ngakhale tonse tikudziwa kuti ena avomera ndi pakamwa pokha. Mukapemphe kuti mumalize mipando iwiri ija. Mpando wosendedwa sakhalapo munthu, ndiye nawonso akukusowani. Akakana, musakakamire.

Tsopano za tsamba. Inu, bambo anu ndi mlamu wanu mwayambira pa zithunzi, pomwe funso loyamba ndi lakuti tsambali ntchito yake n'chiyani. Munthu amene adzalitsegule sakufuna mbiri ya munthu. Wakhala pampando umene sipuling'i ikumubaya, ndipo sabata yamawa kukubwera apongozi. Akufuna kudziwa ngati mumakonza mtundu wa mpando wakewo, ngati mumabwera kudzatenga, nthawi imene mumatsegula, ndi nambala yoti aimbe. Zimenezi zikhale pamwamba penipeni, zowerengeka pa kafoni kotchipa asanayendetse chala. Tsamba limodzi lakwana, musamange nyumba yosanja. Njira yofikira kushopu muilembe ngati mukulondolera mlendo wotsika basi, ndipo mujambule kanjira ka pakati pa makoma kaja. Makoma sakwiya akajambulidwa.

Mlamu wanu sakunama, malonda ndi m'maso, koma masowo asalowe m'nyumba za eniake. Pezani mpando wotayidwa, wophwanyika woti aliyense achite nawo chisoni, ukhale wanuwanu. Muujambule mushopu mwanu pafupi ndi khoma lopanda kanthu. Bambo aukonze, mujambule manja awo ali pantchito, kenako mujambule utatha. Wa kasitomala mujambule pokhapokha atavomera, ndipo avomere akudziwa kuti ukupita pa intaneti. Zithunzi za miyendo zija ndi za miyendo basi, mpando ukabwerera kwa mwini wake muzizifufuta.

Ndiye pali ichi. Chimene inu mukuchiona ngati chopinga ndicho katundu wanu wamkulu. Okonza masofa alipo ambiri, otseka pakamwa ndi ochepa. Lembani pamwamba pa tsambalo kuti mumatenga ndi kubweza mipando mwakachetechete, ndiponso kuti katundu wa kasitomala simuonetsa kwa munthu mwini wake asanavomere. Mudzadabwa kuti anthu okonzetsera azakhali awo ndi ochuluka bwanji.

Bambo anu musawataye. Chithunzi chawo chikhalepo, chifukwa munthu amafuna kuona nkhope ya amene adzalowe pabalaza pake. Jekete yokha avule, avale zogwirira ntchito, ndipo mbiri ikhale yoti munthu aiwerenge asanapume kawiri. Muwapatsenso udindo woti chithunzi chilichonse chisanakwere pa tsamba, aziyamba aona iwo. Anayamba kusunga zinsinsi za anthu inu musanabadwe, amadziwa chimene sichionetsedwa. Mukawapatsa udindo umenewu mudzaona kuti ayambanso kukuyankhulani akukuyang'anani.

Dzina la tsamba lilembetsedwe m'dzina la shopu, pa nambala ndi imelo yanu, ndipo mapasiwedi musunge inu. Sindikumunena mlamu wanu, akuoneka munthu wakhama. Koma anabwera ndi ukwati, ndipo ukwati ukadzagwedezeka tsamba lisadzagwedezeke nawo. Akuphunzitseni kusintha nokha nambala ndi nthawi yotsegulira. Loyeserera lina likatha, lisapitenso kwa abale. Muonetse munthu mmodzi amene sanafikepo kushopu kwanu, foni ili m'manja mwanu, n'kumufunsa ngati angakupezeni.

Chenjerani apa. A Zakunja mwina akukhululukirani kamodzi, chifukwa munalakwa mosadziwa. Kachiwiri simudzamva n'kukalipa komwe, foni idzangosiya kulira. Izi ndikunena ngati kasitomala. Kwathu kuli mpando wong'ambika umene alendo timawauza kuti ndi wa mphaka, pomwe mphaka tilibe. Tsamba lanu likadzatuluka ndidzalitsegula, ndipo ndisanayang'ane nambala ndidzayamba ndaona ngati pakuoneka pabalaza pa munthu wina. Pakadzaoneka, mphakayo apitiriza kukhala pampando wake.

Aphungu