Guluu wa pa Boti la a Jenkins

Lolemba, 14 Okutobala

Ayankha. Nkhani yoti nditenge Triza tikakhale ku Chiponde yayankhidwa ndi chidutswa cha chigubu.

Ndinapita m'mawa kwa a Jenkins, malume ake a Triza, eni mbumba, ndi ulemu wonse wa mkamwini: kunjuta, manja pamodzi, mawu otsika ngati ndadzuka ndi malungo. Ndinawakumbutsa kuti a Sadik andisungira malo mu ofesi yawo yoombola katundu pa boda mpaka Lolemba likubwerali, ndikapanda kufika apatsa wina. Ankhoswe anga anabwera kale, nkhuku inadyedwa kale. Chatsala ndi mawu a malume oti mkazi atuluke pamudzi.

Anamva zonse akutokosa m'mano. Kenako: "Akamwini, tiyeni kugombe."

Kugombeko kuli boti la faiba limene anagula ku loji ina ya ku Nkopola itatseka. Popondapo ponse anamatapo timikeka ta mphira toti azungu asaterereke. Tinatha kalekale, tikununkha ngati nsapato za mlonda. Akuti ndimatule tonse, ndichotse guluu, pawale. "Pakawala tikhala pansi tikambirane." Chitsulo ayi, chikanda faiba. Ndiye anadula chigubu cha mafuta ophikira n'kundipatsa kachidutswa kopalira.

MSCE yanga yapeza ntchito.

Lachiwiri, 15

Tsiku la Anakubala. Dziko lonse likupuma kupatula akamwini.

Timikeka timamvera dzuwa likafika paliwombo. Ukakoka pang'onopang'ono kamasendeka konse ngati chikopa cha mbuzi, ukakoka ndi mkwiyo kamaduka. Ambiri mwa lero aduka. Koma mlandu weniweni ndi wotsala pansi: guluu wachikasu, wonanda ngati ulimbo. Kachigubu kamangomusuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja.

A Evance anabwera kudzandionerera. Mwamuna wa Mabel, mkulu wake wa Triza. Anafika pamudzi pano tsitsi lili bii, akuti akangomaliza mpanda wa malume atenga mkazi wawo kupita naye ku Blantyre. Mpanda unatha. Kunabwera khitchini. Kenako mathandala oyanikapo usipa. Lero imvi mbuu, ndipo chiganizo chilichonse amayamba ndi "malume anena." Mvula ikagwa amadikira malume anene kuti yagwa.

"Achimwene, musathamange," anatero. "Ntchito ya pano ukaimaliza imaswa ana."

Ndinawathokoza. Ine si iwo.

Lachitatu, 16

Gombe lonse ndi mainjiniya. A Uladi a ukonde wa chilimira akuti petulo basi, guluu amathawa yekha. Petulo wake uti, anthu akugona pamzere ku Boma? Mayi wina wogula usipa akuti mafuta ophikira. Wina akuti mandimu. Aliyense wapereka nzeru manja ali m'thumba.

Malume anafika ndi yawo: mchenga ndi madzi, monga amatsukira mapoto. Ndinati mwina mchenga ukakamira. Anandiyang'ana. Ndinathira mchenga. Guluu anaudya wonse n'kukhuta, kutsogolo konse kwa boti tsopano ndi sandipepa. Atabweranso masana anaima, manja kumbuyo.

"Anakuuzani ndani zothira mchenga?"

"Ndinaganiza molakwa, malume."

Mkamwini sakumbukira. Ndi mwambo.

Kenako nkhuku ya apongozi akazi, a Jestina, inakwera kudzatola mamba a usipa n'kukanirira miyendo yonse. Ikulira ngati yaona mpeni. Apongozi ali kuseri kwa bango, sangayandikire ine ndili pomwepo, ine sindingawaitane. Ndinachita kupita kukayang'ana nyanja, ngati sindinaionepo, kuti iwo adzapulumutse chuma chawo. Pobwerera ndinapeza nkhuku palibe, koma pali patapata imodzi yabuluu, yomatika bwinobwino. Ndinaimatula mwaulemu wonse n'kuitumiza kudzera mwa Triza. Sitinakambe kanthu. Patapata ija sinakhalepo.

Lachinayi, 17

Palafini. Kunyowetsa chisaka, kuyala pamalo amodzi, kudikira, kupala. Guluu akupotana n'kuchoka ngati litsiro la pakhosi. Kenako sopo wa ufa ndi madzi. Zala zasupuka, chakudya chonse chikukoma nyali.

A Sadik anaimba. "Fletcher, wallahi, Lolemba likadutsa ndili ndi mwana wa mlongo wanga akungokhala." Aliyense ali ndi mbumba yake.

Lachisanu, 18

Triza anabwera ndi chisaka china kuti tithandizane. Sanapale ndi pang'ono pomwe, malume atulukira. Akuti ntchito ya boti si ya akazi, apite akathandize mayi ake. Chodabwitsa n'choti mwana weniweni wa malume, amene adzayendetse botili, ndi mwamuna, ndipo sabata yonse wakhala pa bawo akusamalira msana.

Malume amayendera ntchito ngati singano ya kampasi: maso awo amaloza pokhapo pamene sindinapale. Lero anagwada, n'kulowetsa chala pansi pa benchi, m'kangodya kamene ngakhale mphemvu imalowa chammbali. "Apa pakugwira." Ndinagona chagada m'boti, mutu pansi pa benchi, kupala malo amene sadzawaona munthu mpaka botilo lidzamire.

Madzulo ndinamuuza Triza za a Evance, mmene amayendera kumbuyo kwa malume atanyamula chipewa chawo. Ndinatengera ndi kayendedwe komwe. Sanaseke.

"Inu m'kabuku kanuko ndinu mkango," anatero. "Pamaso pa malume mumangoti eya."

Ndinamufotokozera kuti imeneyo ndi njira. Munthu amagonja mpaka atapeza chimene akufuna.

"A Evance nawonso ndi njira," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Loweruka, 19

Pawala. Ndikunena zoona, pawala. Ndatsuka katatu, faiba yoyera ngati mbale ya m'sitolo. A Uladi anadutsa n'kunena kuti akanakhala iwo akanagonamo.

Malume anabwera ndi a Evance kumbuyo. Anavula nsapato, anakwera, anayenda uku ndi uku. Chala pansi pa benchi: palibe. Chala m'ngodya: palibe. Ndinaona nkhope ikuwavuta. Kenako anatuma a Evance kukatunga madzi, n'kuwakhuthulira pansi, n'kutsetsereka dala phazi limodzi.

"Mwaona? Poterera. Mzungu akagwa apa tonse tikagona kupolisi."

Ndinati ndi chifukwa chake panali timikeka.

"Eya, mwaganiza bwino. Tatsopano ndaitanitsa, tifika mwezi wamawa. Mudzamata ndinu, poti botili mwalidziwa. Tikamata tikhala pansi tikambirane."

Ndiye ndilembe zimene zinachitika, poti muno ndine mkango. Ndinali ndi mawu. Ndinawakonza kuyambira Lachitatu, ena a Chingerezi. Ndinatsegula pakamwa, manja anga n'kuwombana okha. "Chabwino, malume."

A Evance sanandiseke. Akanaseka bola. Anangosendera pang'ono pa mchenga kundipatsa malo oima pambali pawo.

Lamulungu, 20

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Pobwera ndinatenga foni kuti ndiuze a Sadik apatse mphwawo uja. Triza anaitenga m'manja mwanga n'kuiika m'chitenje, n'kutuluka. Ndinamuona akulowa kwa mayi ake. Posakhalitsa anatuluka awiri, kulunjika pakhonde la malume.

Mkamwini sakhala nawo pa nkhani za mbumba. Ndinapeza kuti mpanda wa a Evance uja uli ndi pobowoka pabwino, ndipo unkafunika kuuyendera.

Apongozi, amene chikwatirireni mawu awo ndimangowamva ngati mphepo kuseri kwa bango, ali ndi mawu ngati belu la sukulu. Anagwada ndithu, koma zimene zinkatuluka sizinali zogwada.

"Achimwene, Mabel wanga munamusunga pano, wakalamba akuyang'ana msewu. Ndinakhala chete. Uyu ayi."

Malume anati mwambo. Apongozi anati mwambo umati mkamwini aonetse manja ake, ndipo manja awonetsa, asupuka, mudzi wonse wawaona. Sunati amange loji. Malume anati boti silinathe. Triza anati, "Malume, ine sindinakwatiwe ndi boti."

Kenako malume, mawu otsika, amene amaopsa kuposa okweza: tikachoka popanda mawu awo, tsiku limene banja lidzavute tisadzawaitane. Sadzakhala pa mphasa ya mlandu wathu, maliro athu akadzamveka adzatumiza nkhuni basi.

Zimenezo si nthabwala. Banja lopanda nkhoswe ndi bwato lopanda nkhafi, ndipo Triza akudziwa kuposa ine. Ndinadikira kuti abwerere m'mbuyo.

"Tamva, malume," anatero. "Tinyamuka m'mawa."

Atafika kunyumba anandibwezera foni. Anati ndiuze a Sadik kuti tikubwera, ndipo ndisayambe ndi "mwina."

Lolemba, 21

Ndikulembera pabondo, pa depoti ya ku Boma, tikudikira minibasi ya ku Chiponde idzaze.

Malume sanatuluke. Chitseko chotseka, wailesi ikulira mkati kuti tidziwe kuti ali maso. Ndinanjuta pabwalo n'kutsanzika chitsekocho. Triza analira pang'ono kwa mayi ake. Mabel anamupatsa usipa wa m'pepala.

Chikwama chachikulu ananyamula a Evance mpaka kumsewu. Ndinkafuna kunena kanthu kabwino, koma zonse zimene ndinasunga za iwo sabata ino ndi zoseka.

Minibasi itaima, anakweza chikwama n'kutsala ataima pakhomo, dzanja lili pa chitseko. Kondakitala anati, "Madala, mukukwera kapena mukudalitsa galimoto?"

Anayang'ana kumudzi. Anakwera.

"Mpaka pa Boma basi," anandiuza. "Ndikuperekezeni." Ndinafunsa ngati malume akudziwa. Anati ayi, ndipo anaoneka odabwa okha ndi mawuwo.

Ali pambali pangapa tsopano, akudya chinangwa chokazinga, akuwerenga zolembedwa pa basi iliyonse mokweza ngati mwana wa sukulu. Foni yawo yayamba kulira m'thumba la malaya. Aitulutsa, aona dzina la malume, andionetsa. Aiika pabondo chafufumimba.

Ikulirabe. Akuthira mchere pa chinangwa.