Ndinaona Cholakwika, Koma Ndinachita Ulemu

Chelstone, Lusaka
14 Febuluwale

Okondedwa atate,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino inu ndi amayi kumeneko ku Katete. Miyendo ya amayi ikuwalola kuyenda ndi mvulayi? Nanga chimanga chija munkadandaula kuti chachita chikasu, chatsitsimuka? Kuno tili moyo. Mkamwini wanu Jethro akupereka moni, ndipo akuti nsawawa zija zinatha kalekale, musamuiwale.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo, komanso kuti zilembo zake ndi zikuluzikulu ngati za mwana wa giredi wani. Pa foni mukangoti "iwe Bethany," mawu anga onse amathawa. Lero sindikufuna athawe.

Ndiyambe ndi yabwino kuti mtima ukhale pansi. Lolemba ndinabwerera kuntchito, ndipo ndaulutsa kale ndege kawiri. Mukuti bwanji, kubwerera kuchokera kuti? Atate, ndinaimitsidwa ntchito masabata atatu, ndipo ndinakubisirani. Tsiku lija munaimba foni n'kumva ana a sukulu akusokosera, ine n'kunena kuti ndili pabwalo la ndege, ndinali pamsika wa Chelstone kugula tomato.

Mukudziwa kuti kutsogolo kwa ndege timakhala awiri, kaputeni ndi ine womuthandiza. Tisananyamuke, mmodzi amalemba mu kompyuta njira imene tidzere, winayo amayang'ana ngati yalembedwa bwino. Tikangokwera m'mwamba timadina batani, ndege n'kumadziyendetsa yokha kutsata mzere umene tailembera. Ilibe nzeru zofunsa. Ukailembera kuti ikalowe m'chitsime, imapita mosangalala.

Tsikulo ndinali ndi a Kaputeni Katongo. Ndi bambo a imvi, mkulu wa mpingo ku Woodlands, ndipo anayamba kuulutsa ndege ine ndisanabadwe. Sandiitana ndi dzina, amangoti "mwana wanga." Akakhala chete amakhwinyata pamphumi ndendende ngati inu.

Unali masana, anthu makumi asanu ndi awiri atakhala kale m'mipando. Njira tinali titalemba yonyamukira chakum'mawa monga mwa masiku onse. Koma mphepo inatembenuka chifukwa cha mvula imene inkabwera, ndipo a mu nsanja, amene amalondolera ndege zonse pabwalo, anatiuza kuti tinyamukire chakumadzulo. A Katongo anatembenuza ndege, koma mu kompyuta sanasinthe. Anaiwala, monga mmene munthu aliyense amaiwalira.

Ine ndinaona, atate. Apa ndiye pali mlandu wanga. Mzere pa sikilini unali utapindikira kumene sitinauzidwe kupita, ndipo ndinauona ndi maso anga awiriwa.

Mukudziwa zimene ndinanena? Ndinati, "Ba Kaputeni, kapena mukapeza ka mpata mungayang'aneko pa sikilini." Iwo anali otanganidwa ndi wailesi, ndipo anangoyankha kuti, "Vili che bwino, mwana wanga, tiye." Ine n'kutseka pakamwa. Mumtima ndinati munthu wa zaka zonsezi sangalakwe, mwina wolakwa ndine. Ndinatinso ndikabwereza adzati mwana wa Gilson alibe mwambo.

Titanyamuka, a Katongo anadina batani lija. Ndege inapendekera kumanzere bwinobwino, mosathamanga, kutsata mzere wolakwika uja. Kumanzereko kunali ndege ina yochokera ku Ndola, ikutsika kuti itere.

Mayi wa mu nsanja anakuwa m'makutu mwathu kuti tikhotere kumanja msangamsanga. Belu la ngozi linayamba kulira. A Katongo anali akuyang'anabe sikilini, kufuna kumvetsa chifukwa chimene kompyuta ikuchitira zimenezi. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinazimitsa chodziyendetsacho, ndinagwira chiwongolero, n'kukuwa kuti ndege ndaitenga ine. Titakhota, ndinaiona inzake ija ikudutsa pansi pathu. Mchira wake unali wobiriwira, ndipo mpaka lero ndikatsinzina ndimauona.

Anthu kumbuyo sanadziwe kanthu. Ena ankadandaula kuti tiyi wachedwa.

Titabwerako, tonse awiri anatiuza kuti tikhale kunyumba mpaka nkhani itafufuzidwa. Masabata amenewo ndinaonda. Ndinkaganiza za minibasi yanu ija, imene munaiyendetsa zaka makumi atatu kuchokera ku Chelstone kupita m'tauni kuti ine ndiphunzire. Ndinkati zonsezo ndazitaya chifukwa cholephera kutsegula pakamwa.

Tsiku la mlandu, a Katongo anaimirira n'kunena kuti kulakwa konse n'kwawo, mwanayu ndiye anapulumutsa anthu, asamukhudze. Ndikanatha kungokhala chete n'kutuluka ngati ngwazi. Koma kukhala chete ndi kumene kunandifikitsa pamenepo. Ndinakweza dzanja n'kuulula kuti cholakwikacho ndinachiona tikadali pansi.

Amene ankatsogolera kufufuzako ndi mayi Kabamba, wamfupi, wa magalasi, wosaseka. Anatiikira mawu athu kuti tiwamve, poti zonse zimene timalankhula kutsogoloko zimajambulidwa. Atate, kudzimva wekha ukunena kuti "kapena mukapeza ka mpata" pomwe miyoyo ya anthu ili m'manja mwako, ndi manyazi osaneneka. Mayiyo anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndinkachenjeza za ngozi kapena ndinkapempha mchere kwa apongozi. Anthu anaseka. Ine ndinalira.

Anandifunsanso amene anandiphunzitsa kulankhula choncho. Sindinakutchuleni, koma ndinaona nkhope yanu. Munatilera kuti wamkulu akalankhula, mwana amayang'ana pansi. Sindikukudandaulani, chifukwa ulemu umenewo wanditsegulira makomo ambiri. Koma tsiku lija ukanapha anthu odzaza ndege ziwiri. Paja amati manyazi anapha lambe.

Chigamulo chinatuluka. Sanatichotse. Anati poti tonse tinanena zoona, tibwerere kukaphunziranso kwa sabata imodzi m'chipinda china chophunziriramo chokhala ngati ndege yeniyeni. Kumeneko a Katongo ankalakwitsa dala, ndipo ntchito yanga inali yowadzudzula mokweza, mosazungulira. Tsiku loyamba mawu ankatuluka ngati a mwanapiye. Iwo anamenya pampando n'kunena kuti, "Iwe mwana, nikuwile! Nili na bazukulu ine, nifuna kubaona bakakwatila!" Pofika Lachisanu ndinkawakuwira mpaka mphunzitsi anagwira makutu.

Sabata yatha a Katongo anatiitana ine ndi Jethro kunyumba kwawo ku Woodlands. Akazi awo anandikumbatira pageti nthawi yaitali. A Katongo anandiuza kuti mwana amene amakuona ukulowera kuphompho n'kukhala chete chifukwa cha ulemu, ameneyo sakukulemekeza, akukuperekeza kumanda. Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi.

Atate, pali mzere wina wopindika umene ndakhala ndikuuona kwa chaka chathunthu, ndipo ndakhala ndikungoti "kapena mukapeza ka mpata mukaonane ndi adokotala." Lero sindipempha mchere.

Maso anu sakuona bwino. Siyani kuyendetsa galimoto.

Pa Khirisimasi munandinyamula kuchokera pa siteshoni ya basi, ndipo mayi wa njinga uja pa mlatho simunamuone mpaka ine nditagwira dashibodi. Munati anatulukira mwadzidzidzi. Sanatulukire mwadzidzidzi, atate, ndinamuona ali kutali. Amayi anandinong'oneza za chipata cha tchalitchi chimene mwachigunda kawiri, ndi za mbuzi ya a Chilufya. Achimwene akudziwa, abusa akudziwa, Katete yense akudziwa. Palibe amene akukuuzani chifukwa ndinu a Gilson, amene munayendetsa zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Manja anu akuidziwa njira, zimenezo sindikana. Koma nayonso ndege yathu inkaidziwa njira yake.

Ng'ala imachotsedwa, si matenda ochititsa manyazi. Ndalankhula kale ndi dokotala wa maso kuno, ndipo akuyembekezerani pa 3 Malichi. Jethro adzabwera kudzakutengani pa galimoto yathu, ndipo inu mudzakhala kumbuyo ndi amayi ngati bwana. Makiyi a Toyota muwapatse amayi lero lomwe. Akakuchotsani ng'alayo, dokotala akavomera, ndidzakubwezerani ndekha nditagwada.

Kwiyani ngati mukufuna. Mukhoza osandilankhula mwezi wathunthu, ndipirira. Ndasankha atate okwiya kusiyana ndi atate amene ndikawaone kupolisi kapena kuchipatala, mwana wa eni ake atagona pamsewu.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Salifyanji, kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa onse a ku tchalitchi amene amandipempherera ndikakhala m'mwamba. Mapemphero awo anagwira ntchito tsiku lija. Mulungu amene anapatutsa ndege ziwiri zija akusungeni inu ndi amayi mpaka tionane.

Ndinayesetsa kukulitsa zilembo kuti muwerenge nokha. Ngati mawu awa mukuwamva m'mawu a amayi, ndiye kuti mwandiyankha kale.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sanasiye kukulemekezani,

Bethany