Mbale ya Mpunga Kudzanja Lamanja

Lolemba, 4 Marichi

Gunsan, mzinda wa padoko kuno ku Korea. Mphepo ya kunyanja yolasa mpaka m'mafupa. Filimu yanga yoyamba. Yanga ine Do-hui, inki ya pa digiri isanaume n'komwe. Anzanga a m'kalasi akadanyamulira mabwana khofi ku Seoul.

Nkhani yake: bambo wina mkazi wake anamwalira. Wapeza mtsikana wofanana naye nkhope, akumuveka zovala za malemu, akumuphunzitsa ngakhale kasekedwe kake. Vuto ndi gawo lomaliza. Mayi Seok, amene akutisakira ndalama, akufuna bamboyo agwade, alire, aulule zonse. "Anthu amagula tikiti kuti akalire, mwanangu." Misozi, misozi, filimu iliyonse misozi. Zinandikwana. Ine sindikufuna liwu ngakhale limodzi. Koma m'malo mwake chiyani? Sindinachipeze.

Lachitatu, 6 Marichi

Ndachipeza. Pa kalesitilanti ka kudoko, mayi wogulitsa mwa changu anamusemphanitsira mbale msodzi wina. Msodziyo kuyang'ana thebulo, kuyang'ana mayiyo. "Azakhali, ndafa liti ine? Bwanji osandiuza?" Onse kuseka. Ine supuni ili m'malere.

Wamoyo, mpunga kumanzere, msuzi kumanja. Mosemphanitsa timaikira akufa okha pa tsiku lowakumbukira. Ndiye bambo uja amuikire mtsikanayo chakudya chomwecho. Basi. Dziko lino palibe amene sangamve.

Ndatuluka osamaliza kudya. Msuzi wodula chonchija.

Lachisanu, 8 Marichi

Mayi Seok alola kuti tijambule magawo omaliza onse awiri, la misozi ndi langa la mbale, "kuti mtima wako ukhale pansi". Koma bambo Ma Gi-cheol, amene akusewera wofedwayo, akanitsitsa. Anayamba mafilimu ine ndisanabadwe. "Iwe mwana, kusukulu kwanuko sanakuuzeni kuti zina sitiseweretsa? Thebulo la akufa pamaso pa mtsikana wamoyo?"

Ndinawerama. Ndinapepesa. Pa chakudya ndinawathirira mowa wa soju ndi manja awiri mpaka mkono kuchita dzanzi. Osasunthika. Nyumba yojambuliramo tibweza Lachiwiri. Akapanda kulola, filimu yanga ikhala ngati ya wina aliyense.

Lamlungu, 10 Marichi

Ye-rim, wosewera mtsikanayo, ndi wamisala ndipo ndimamukonda. Wawatsata bambo Ma komwe amasuta fodya. "Achikulire, wakufayo ndine, ndipo sindikudandaula. Inu amoyo mukuopa chiyani?" Anaseka mpaka kutsamwa utsi.

Alola. Koma akuti kamera ikangozima abweze mbalezo ndi manja awo, Ye-rim adye supuni imodzi ngati munthu wamoyo, kenako timuwaze mchere ngati wochokera kumaliro. Ndagula thumba lathunthu. Akafuna ndiwagulira nyanja yonse.

Lolemba, 11 Marichi

Tajambula.

Bambo Ma anaika msuzi kumanzere, mpunga kumanja, pang'onopang'ono, mwachikondi chochititsa mantha. Ye-rim anayang'ana. Dzanja lake linanyamuka kuti likonze mbale. Linaima panjira. Kenako anatola supuni n'kuyamba kudya. Wavomera kukhala malemu. Zimenezo sindinamuuze ine.

Ndinaiwala kuimitsa kamera. Wojambula anachita kundiponda phazi.

Bambo Ma kubweza mbale. "Idya, mwana iwe, idya msanga." Ye-rim mchere tsitsi lonse, akuti tamusandutsa nsomba youma.

Gawo la misozi tajambulanso. Bambo Ma amalira bwino, chilungamo. N'chifukwa chake ndikuliopa.

Lachinayi, 23 Meyi

Seoul. Kachipinda kolumikizira zithunzi, kopanda zenera. Chakudya ndi kimbap, mpunga wokulunga, m'mawa ndi masana omwe. Mwini nyumba wayamba kundipatsa moni wautali, wokumbutsa lendi.

Mawa eni ndalama adzaonera. Mayi Seok akuti tionetse gawo langa, koma mmodzi yekha akangoyasamula, misozi ilowa. Ndavomera. Ndikanatani?

Lachisanu, 24 Meyi

Eni ndalama amasuti, aliyense maso pafoni. Filimu ikuyenda, iwo akuyankha mauthenga. Ndinkafuna kuwalanda mafoniwo n'kuwaponya panja.

Kenako thebulo. Mpunga utangofika kumanja, wina anapuma mokweza. Mafoni pansi. Pamene Ye-rim amatola supuni, mkulu wawo anagwira pakamwa. Magetsi atayaka anatembenukira kwa ife. "Mayi anga akanatuluka muno. Musakhudzepo chilichonse."

Musakhudzepo chilichonse. Ndilembenso: musakhudzepo chilichonse.

Potsika, mayi Seok akukonza kolala yanga ngati wondibereka. "Ine ndinadziwa kale kuti zigwira. Yachiwiri ubweretse kwa ine, wamva?" Ndinati ndiganizapo kaye. Ine, kuganizapo kaye. Nkhope yawo ndidzaikumbukira ndili nkhalamba.

M'sitima ndinaimbira amayi. Ndinazindikira pamene mawu a makina aja ankati nambalayi kulibe. Chaka chachiwiri chino chimwalirireni, chala sichinaphunzirebe. Sindinadule. Ndinawauzabe kuti gawo langa lapulumuka. Munthu wokhala pafupi nane anati ndakondwa nanu, mwachita bwino.

Yachiwiri ndayamba kale. Mkazi wina amene tsiku lililonse amaimba nambala imene kulibe.