Bola Pansi pa Thandala

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Msumba. Tonse tili bwino, ndipo amayi chifuwa chija chapepuka.

Koma buku munatumizira mwana wanga Marita lija landiputira mavuto. Wawerengamo za mtsikana woimira mnzake wosalidwa, basi naye wayamba. Anyamata akusikola ankamukaniza mnzake Yusufu kusewera bola, mpira wamiyendo, poti amatsimphina. Marita anawalanda bolayo n'kudzaibisa pansi pa thandala langa loyanikapo usipa, ati abweza Yusufu akalowa m'timu. Anyamatawo poisaka anagwetsa thandalalo, usipa wonse mumchenga. Nditamukalipira, anangonditsegulira bukulo kuti ndiwerenge ndekha.

Yusufu tsopano ndi goloboyi, zoona, koma usipa uja tikudya ukulumalumira mchenga. Chonde, ulendo wina mudzatumize la masamu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Joana