Nkhuku Yaoneka, Amayi Sanaoneke

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ndikulemba m'Chinyanja cha kusukulu chomwe munkati sichikoma m'kamwa, poti Chitonga chathu sindinaphunzire kuchiika papepala. Ndinene msanga kuti kalatayi ndikulemba nditakwiya, ndipo pa anthu amene ndakwiya nawo, inunso mulipo.

Ndiyambe ndi za pamudzi, mungati sukulu yandichotsa mwambo. Mpongozi wanu NyaLongwe anachira bwino, mwana wamkazi, watenga makutu anga, watsoka. Chinangwa cha kumunda kwanu nguluwe zinakumba theka, chotsalacho taviika. Usipa wagwa wambiri moti pamchenga palibe popondapo. Angoni sanatsike chaka chino, komabe anthu sakufuna kutalikira linga.

Tsopano ya kukhosi. Mukumukumbuka mzungu wamalonda uja ndimamunyamulira katundu, mwini bokosi la miyendo itatu lojambula anthu? Anandiphunzitsa ntchito yake: ulowetse mutu m'nsalu yakuda, ulunjikitse, uike galasi, uchotse chivindikiro pa diso la bokosi, uwerenge katatu, utseke. Zonsezi tinkachitira panja, dzuwa lili phwee. Mutadwala mpaka kulephera kutuluka, ndinamugwadira kuti andipatse galasi limodzi ndikakujambuleni m'nyumba. Anandipatsa, ndipo bokosi ndinasenza ndekha.

Inu munakhala pamphasa panu pa masiku onse, msana kukhomo, poti kuwala kunkakulasani m'maso. Nditangoti nditsegule pakamwa munandidula: "Ine si mlendo m'nyumba muno. Lisunthe ndi bokosilo." Ndikanatani? Mwana wa ndani amauza mayi ake kuti tembenukani, yang'anani uku? M'nsalu muja ndinaona kuti nkhope yanu yada, koma ndinapitiriza. Ndinachotsa chivindikiro maso anga ali pansi, monga munandilerera kuti mwana sapenyetsetsa wamkulu kumaso. Mtima unkati pitiriza mpaka khumi. Inu munatsokomola nkufunsa kuti, "Watha?" Ine phaa, kutseka.

Mzungu anakwera sitima ndi galasi lija kupita kumpoto, kumene anasiya mankhwala ake otsukira. Inu simunamudikire. Wabwera sabata yatha, nkundipatsa pepala.

Amayi, khomo lanu laoneka bwino zedi. Mtondo uli panjapo, nthochi zija zili apo, ndi nkhuku yanu yamawanga yomwe, nthenga zake munthu akhoza kuwerenga. Pakati pa zonsezi pali chinthu chakuda bii ngati chitsa chopsa, ndipo chimenecho ndiye inu. Maso palibe, mphuno palibe, mphini za pamasaya zija ngakhale imodzi. Ndinakhala pansi pamchenga pomwepo.

Ndinadzigwira mtima nkumufunsa mwaulemu kuti ndinalakwitsa pati. Analoza ndi kaliwo wake. Akuti kuwala konse kunali kumbuyo kwanu. Akuti munthu wa m'nyumba umamukhazika cham'mbali mwa khomo kuti kuwala kumugwere patsaya, mbali inayo nkupachika nsalu yoyera yoti ibweze kuwalako. Akuti kuwerenga katatu n'kwa padzuwa, ndipo nkhope yakuda m'nyumba ya mwaye imafuna makumi atatu kapena kupitirira. Atamaliza anandisisita paphewa nkuseka. "Koma khomo walijambula bwino," anatero.

Ndikanakhala wa mtima wina, kaliwoyo akanamumeza. Nzeru zonsezi zinali kuti tsiku lija? Ankadziwa kuti ndikupita m'nyumba, ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti mukudwala. Mawu amene analankhula nthawi yosakwana kusuta fodya kamodzi, anawasunga miyezi isanu nkudzandipatsa inu muli m'manda. Munkanena ndinu kuti wochenjeza za ng'ona mwendo utapita kale ndi bwenzi la ng'onayo. Zimene ananenazo n'zoona zonse, ndipo n'chifukwa chake zikundiwawa kwambiri.

Ndiye pali alongo anu, amalume. Nawonso anabwera kudzaweruza. Anagwira pepala mozondotsa, ndinachita kuwatembenuzira, kenaka akuti bokosi ndi limene linayamwa nkhope yanu, ndiye chifukwa munafa. Ndinawakumbutsa kuti munatsokomola madzinja atatu bokosilo lisanatsike m'sitima, ndipo m'madzinja atatuwo iwo sanabweretse ngakhale mutu wa usipa. Sanasangalale. Analamula kuti mwana satuluka m'chikuta pepalalo lili m'nyumba. Ndinalikulunga m'tsamba la nthochi nkukalisungitsa kwa mnzanga ku Bandawe, mwana nkutuluka. Amalume akuganiza kuti lili pansi pa nyanja, ndipo aganize choncho.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kulemba ndi ichi. Chiyambire kuliona pepalalo, ndikatsinzina kuti ndikuoneni, chimabwera ndi chitsa chija ndi khomo lowala. Mawu anu ndikuwamva bwinobwino, ndi katsokomoledwe komwe, koma nkhope ikundithawa. Ndinkafuna kukusungani, m'malo mwake ndakufufutani ndi manja anga. Ndadzikwiyira ndekha, ndipo inunso ndakukwiyirani. Kutembenuka kokha, amayi! Kukanakutengerani chiyani? Mwambo wanu wa maso pansi uja wandithandiza chiyani lero?

Ndinabwereranso kwa mzungu, manyazi ndinawasiya kunyumba, ndipo wandipatsa galasi lina. Dzulo ndinapita nalo kwa ang'ono anu, ama NyaManda, amene anthu ankakusokonezani nawo kuchitsime. Nawonso anayamba zomwezo, akuti akhala pomwe amakhala. Ndinawagwira mapewa nkuwatembenuza ngati mtsuko. Ndinapachika nsalu yoyera ya NyaLongwe pamzati, ndipo ndinaona ndi maso anga tsaya lamdima lija likuyera. Ndinachotsa chivindikiro nkuwayang'ana gwa, kumaso kwenikweni, ndikuwerenga mokweza. Pakamwa ndinawaletsa kugwedeza, ndiye ankanditukwana ndi maso okha. Pofika makumi awiri, nsidze zija zinakwera, mlomo nkupindikira kumanzere, ndipo amene ankandiyang'ana munali inu, tsiku lija ndinataya nkhafi ya atate panyanja. Ndinawerenga makumi anayi, khumi lomalizalo misozi ili mbwee.

Nditatseka anati, "Mwana wopanda mwambo iwe, mayi ako akanakuona!" Ndinayankha kuti n'zimene ndikufunazo.

Galasi lakwera sitima m'mawa uno. Kaya lituluka bwino, kaya ndawonjeza kuwerenga, ndidzamva likabwera, ndipo ulendo uno ndidzafunsa mafunso onse ndisanalakwe. Ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu sindidzamunamiza. Akadzakula nkufunsa, ndidzamuonetsa mapepala onse awiri. Ndidzati awa ndi ang'ono a agogo ako, umu ndi mmene agogowo ankaonekera akakwiya. Ndipo awa, akuda biiwa, ndiwo agogo ako enieni, anakana kutembenuka, ndipo ine ndinaopa kuwauza.

Ndimakukondanibe, amayi, ngakhale simumva.

Ndine mwana wanu,
Malenga